Ngongole yomwe sindinatenge yandimanitsa nyumba ku Joni

Zikomo azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Mangochi koma ndakhala kuno ku Joni zaka 11. Ndimaphika pa lesitilanti ina ku Fordsburg ndipo mapepala anga ali bwinobwino, ndili ndi ID ya kuno. Mwezi watha ndinapeza fulati ya zipinda ziwiri ku Turffontein, ndimafuna tichoke mkachipinda kakuseri komwe tikupanikizana ndi anawa, dipoziti ndinali nditasunga kale. Ejenti anatenga ID ndi ma payslip atatu, patapita masiku awiri akundiimbira kuti mayi pepani dzina lanu lili ndi ngongole yosabweza, eni nyumba akana. Azakhali ine chibwerere kuno sindinatengepo kanthu pangongole, ngakhale firiji ndinagula pa lay-by, kulipira pang'onopang'ono ndisanaitenge, mpaka kumaliza.

Mnzanga wakuntchito ndi amene anandiuza kuti kuno kuli mabungwe osunga mbiri ya ngongole ya munthu aliyense monga TransUnion, Experian ndi XDS, ndipo lamulo la National Credit Act la 2005 limalola munthu kutenga lipoti lake ulere kamodzi pachaka ku bungwe lililonse. Zaka zonsezi ine osadziwa. Tinalowa pa intaneti pafoni yake nkutenga malipoti awiri, nditawerenga miyendo inachita kuzizira. Muli akaunti ya sitolo ya zovala ya R6,400 ndi kontirakiti ya foni yomwe yafika R9,200, zonse zinatsegulidwa 2023 pa nambala ya ID yanga, koma nambala ya foni si yanga ndipo adiresi yake ndi ya ku Rosettenville komwe ine sindinagonepo ngakhale tsiku limodzi.

Apa ndi pomwe pandivuta. Adiresi imeneyo ndikuidziwa. Ndi komwe kumakhala msuweni wanga, mwana wa amalume anga enieni amene anandilipirira fizi mpaka Fomu 4 bambo atamwalira. Mtsikanayu ndinakamulandira ndekha ku Park Station, anakhala nane miyezi isanu ndikumudyetsa, ndipo nthawi ina anandipempha fotokope ya ID kuti akufunira ntchito poti iye alibe mapepala, ine nkumupatsa ngati mbale wanga. Ndamuimbira kangapo, poyamba anakana kuti sakudziwa kanthu, kenako anayamba kulira kuti anachititsa ndi chibwenzi chake cha nthawi imeneyo, pano foni sakuyankhanso.

Nditafunsa ku bungwe losunga mbiri ya ngongole lija anandiuza kuti nditha kudandaula ndipo iwo ali ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti afufuze, akapanda kupeza umboni woti ngongole ndi yanga amaichotsa. Koma akuti nditumize afidaviti yolumbira kupolisi yonena kuti wina anagwiritsa ntchito dzina langa. Nde ndikakanena zonse zomwe ndikudziwa si ndiye kuti mwanayu amangidwa, mwinanso kumutumiza ku Lindela, kosungira anthu opanda mapepala, nkumubweza kumudzi? Amalume ndidzawayang'ana ndi maso ati? Kulumbira zabodza kuti sindikumudziwa wochita izi nakonso sindingathe, ndine munthu wopemphera komanso ndi mlandu pawokha.

Anthu akundiuza zosiyanasiyana mpaka mutu ukuwawa. Ena akuti ingolipira pang'onopang'ono nkhani ithere m'banja, koma R15,600 ndi malipiro anga a miyezi iwiri ndi theka ndipo kumudzi amayi akudikira ndalama ya feteleza. Wina akuti usaponyeko ngakhale R50 chifukwa ngongole zotere zikatha zaka 3 osalipira, osavomera komanso osakutengera kukhoti zimafa zokha, ukangolipira kangachepe ndiye kuti wavomera ndipo zaka zija ziyambiranso. Nanga ndikhale mkachipinda kano kudikira zimenezo ana akukula? Palinso aja amamata mapepala m'mapolo a magetsi kuti amayeretsa dzina pa R1,500, mtima wanga ukukana ndithu chifukwa kudandaula ku bungwe kuja ndi kwaulere, nanga iwo akugulitsa chani.

Chomwe ndikupempha azakhali, ndiuzeni ngati pali njira yochotsera ngongoleyi pa dzina langa popanda kumangitsa mwana wa amalume. Ndiyambe ndawaimbira amalumewo kuti akuluakulu akhale pansi abweze ndalamazi, kapena ndiyambe ndi afidaviti nkhani ya kubanja ibwere pambuyo? Ndipo bungwelo likakana dandaulo langa ndipite ku National Credit Regulator, oyang'anira za ngongole kuno, kapena kwa ombudsman womva madandaulo, poti ine Chingerezi cha m'maofesi chimandivuta? Ndamvanso za SAFPS komwe munthu amalembetsa kuti masitolo azifufuza kaye wina akabwera ndi ID yako, fotokope ija ikadali kwa msuweni wanga uja ndipo usiku sindikugona poganiza kuti mwina atsegulanso akaunti ina.

Ejenti wati fulati ina itsala yopanda munthu kumapeto kwa mwezi wamawa, ndikufuna pofika nthawiyo ndikhale nditayambapo kanthu. Chonde ndiyankheni msanga.

Ine mayi wodandaula,
Johannesburg