Mlongo wanga anachira koma pamudzi akumusalabe

Zikomo Alangizi,

Ndine mayi wa ku Ntcheu ndipo ndalemba chifukwa cha mlongo wanga wamng'ono. Iyeyu ndi kalipentala, moti mabenchi ambiri a m'tchalitchi mwathu anakhoma ndi iyeyo. Mutu utamusokonekera anachoka pakhomo n'kumagona m'makhonde a masitolo ku Balaka, kudya zotola. Titamupeza tinapita naye kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko anatitumiza ku Zomba Mental Hospital komwe anamuthandiza kwambiri. Pano ali pakhomo, mankhwala akumwa osadumphitsa, akatha timakatenga ena kuchipatala. Amalima, amacheza bwinobwino, kungoti mankhwalawo amamugonetsa tulo, nthawi zina manja amanjenjemera.

Chandisowetsa mtendere ndi anthu. Posachedwapa kunagwa zovuta m'mudzi mwathu, iye n'kulawirira kumanda ndi adzukulu anzake monga ankachitira kale. Atati alowe m'dzenje kuti alandire mnzake, wina anamulanda khasu, amvekere munthu wochokera ku Mental sagwira chitsulo pagulu. Nsima itafika anamupakulira payekha, chapatali. Anangoisiya pomwepo n'kubwerera kunyumba, ndipo kuyambira tsikulo satuluka m'chipinda pokhapokha ndimukakamize. Ana akamamukuwiza kuti wamisala ndimapirira, poti ndi ana. Koma awa ndi amuna amene anakula naye, ena mwa iwo anawakhomera zitseko pangongole.

Kubanki nkhonde anamukana ati sangabweze ndalama. Ntchito yokhoma palibe akumupatsa. Zonena nazo ndi mbwee: ena akuti ankasuta chamba, ena akuti anaphonya zizimba za mankhwala a chuma. Amalume athu akuumirira kuti asiye mapilisi tipite naye kwa sing'anga, pamene adokotala anatichenjeza kuti akangosiya matenda atha kuyambiranso. Pa ichi chokha sindigonja, ngakhale akundinena kuti ndine mwana wamwano.

Mantha anga ndi akuti kusalidwaku kumubwezera kumsewu. Wayamba kunena kuti ku Balaka kunali bwino chifukwa kunalibe womudziwa, ndipo mawu amenewa amandisowetsa tulo.

Ndiye ndithandizeni nzeru. Kodi ndipite kwa amfumu kuti aitanitse msonkhano, mwina mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu adzafotokozere anthu kuti matenda a m'maganizo ali ndi mankhwala ngati a shuga kapena BP? Kapena kutero n'kumuyalutsa mwini wake pagulu? Iye sindinamufunse, ndikuopa kumuwonjezera chisoni. Ndaganizanso zokaonana ndi abusa kuti mpingo umupatse ntchito yokonza mabenchi othyoka, anthu aone okha kuti manja ake akugwirabe. Ndiyambe ndi chiti? Nanga amalumewa ndiwalankhule bwanji kuti tisadane, poti ndiwo eni mbumba?

Ine mlongo wake wodandaula,
Ntcheu