Malungo ochokera kwa anyani alipodi, koma nyani wa kumunda kwathu alibe mlandu

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tiwongole nkhani imene imasokoneza anthu ikangotchulidwa, ya malungo amene munthu amatenga kwa anyani. Munthu wa kuno akamva zimenezi maganizo amathamangira kwa nyani wothyola chimanga kumunda, kapena pusi wolanda ana nthochi. Matendawa alipodi ndipo akupha anthu, koma kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi nkhalango za ku South America. Chinawaulula ndi kuwerenga DNA (malangizo a chibadwa cha chamoyo chilichonse) ya tizilombo toyambitsa matendawa, chifukwa pa maikulosikopu anazemba maso a akatswiri kwa zaka zambiri.

Kachilombo kodziwika kwambiri ndi Plasmodium knowlesi. Robert Knowles ndi Biraj Mohan Das Gupta anakafotokoza mu 1932 ku Calcutta, atakapeza m'magazi a nyani wa mtundu wa macaque wochokera ku Singapore. Munthu woyamba kudziwika kuti wakatenga kutchire anali wa ku America amene ankagwira ntchito m'nkhalango ya Pahang ku Malaysia mu 1965, ndipo anthu anangoti zangomuchitikira yekhayo. Zinthu zinatembenuka mu 2004, pamene Balbir Singh ndi Janet Cox-Singh anafalitsa zimene anapeza ku Kapit, m'chigawo cha Sarawak pachilumba cha Borneo. Zipatala za kumeneko zinkalemba odwala ambiri kuti ali ndi Plasmodium malariae, kachilombo kofatsa kamene kawirikawiri sikagoneka munthu m'chipatala, chonsecho anthuwo ankadwala ndithu. Atayeza DNA ya magazi a odwala 208, anapeza kuti 120 anali ndi knowlesi.

Ogwira ntchito m'malabotale aja sanali osadziwa ntchito. Knowlesi akakhala wamng'ono m'selo lofiira la magazi amaoneka ngati kamphete, chimodzimodzi falciparum amene tili naye kuno. Akakula amayala ngati lamba kudutsa pakati pa selo, chimodzimodzi malariae. Kusiyana kwake kuli pa liwiro. Malariae amatenga maola 72 kuti aswe selo ndi kutulutsa ana pafupifupi 8, falciparum amatenga maola 48, koma knowlesi amangofuna maola 24 ndipo selo limodzi limatulutsa ana ofika 16. Wodwala amene wapatsidwa mapiritsi Lolemba n'kuuzidwa kuti ndi timalungo tochepa angathe kubwerera Lachitatu ali chikasu, impso zitaleka kugwira ntchito, akubanika. Mu 2008 gulu la Singh ndi Cox-Singh linafotokoza za anthu anayi amene anamwalira atalembedwa kuti ali ndi malariae.

Ndiye kuwerenga tizilombo pa kagalasi si mwambo chabe. Pa dontho lokhuthala la magazi lopakidwa utoto wa Giemsa, mumawerenga tizilombo mpaka mutakwanitsa maselo oyera 200, kenako chiwerengerocho mumachulukitsa ndi 40 kuti mupeze tizilombo ta m'maikulolita imodzi ya magazi (kadontho kakang'ono kwambiri). Malariae weniweni sakonda kudutsa 5,000. Mukaona chooneka ngati malariae chafika 20,000 kapena kuposa, ndipo wodwalayo wachokera kumayiko aja, chitengeni ngati knowlesi. Bungwe la WHO limati ndi malungo aakulu tizilombo tikadutsa 100,000, kapena tikadutsa 20,000 munthu ali ndi chikasu, ndipo pamenepo pafunika jakisoni wa artesunate wa mumtsempha. Chizindikiro china n'chakuti timaselo tothandiza magazi kuundana timatsika pafupifupi mwa wodwala aliyense. Tizipangizo toyezera malungo mwachangu tija, tobaya pachala, tambiri timafufuza puloteni yotchedwa HRP2, imene ndi ya falciparum yekha. Knowlesi alibe jini (kachigawo ka DNA) yopangira puloteniyi, choncho kachipangizoko kamaonetsa mzere umodzi, munthu n'kuuzidwa kuti alibe malungo.

Njira yotsimikizira ndi PCR, yochulukitsa DNA ya kachilombo kuti izindikirike, ndipo nayonso ili ndi misampha yake. Magazi amadonthezedwa pa pepala lapadera, n'kuumitsidwa pamthunzi kwa maola angapo, n'kuikidwa m'kajumbo kakekake pamodzi ndi timiyala toyamwa chinyontho. Pepala loikidwa m'jumbo lisanaume limachita nkhungu ndipo DNA imawonongeka. Ku labotale amachotsa DNA n'kuchulukitsa kachigawo ka jini yotchedwa 18S rRNA. Makina amatenthetsa mpaka madigiri 94 kuti zingwe ziwiri za DNA zilekane, amatsitsa kufika cha m'ma 55 mpaka 60 kuti tizidutswa tolondolera timamatire pamalo pake, kenako amakweza kufika 72 kuti kachigawoko kakopedwe, ndipo amabwereza zimenezi maulendo 30 kapena 35. Ntchito yonseyi imachitika m'magawo awiri: gawo loyamba limangonena kuti muli Plasmodium, lachiwiri ndilo limanena mtundu wake. Potsegula timachubu pakati pa magawo awiriwa, kadontho kosaoneka ndi maso kangathe kudumphira m'kachubu ka wodwala wina, n'chifukwa chake payenera kukhala kachubu ka madzi okhaokha kotsimikizira kuti sipanalowe chachilendo. Komanso mu 2009 zinadziwika kuti tizidutswa tolondolera timene tinkagwiritsidwa ntchito poyamba pofufuza knowlesi nthawi zina tinkamatira pa DNA ya vivax, kachilombo kena ka malungo a anthu, n'kunamiza kuti munthu ali ndi malungo a anyani. Masiku ano wofufuza wosamala satsimikiza ndi jini imodzi yokha.

DNA yonse ya knowlesi inawerengedwa mu 2008. Ili ndi zilembo pafupifupi 24 miliyoni m'makromozomu 14, ndi majini opitirira 5,000 (majini tikunenawa ndi tizigawo ta DNA tonyamula malangizo, si aja a asing'anga ayi). Atayerekeza tizilombo ta odwala ndi ta anyani, anapeza kuti knowlesi ali m'magulu atatu. Ku Borneo kuli gulu logwirizana ndi macaque wa mchira wautali ndi lina logwirizana ndi macaque wa mchira waufupi ngati wa nkhumba, ndipo lachitatu lili ku Malaysia ya kumtunda. Magulu a mwa anthu akutsatira mitundu ya anyani, ndipo tizilomboti n'tosiyanasiyana kwambiri m'chibadwa chake. Matenda akamayenda kuchoka kwa munthu kupita kwa munthu, odwala a mudzi umodzi amakhala ndi tizilombo tapachibale. Apa chithunzi n'chakuti odwala ambiri amatunga pachitsime cha anyani aliyense payekha, kudzera mwa udzudzu wa m'nkhalango monga Anopheles latens ndi Anopheles balabacensis, umene umaluma panja. Neti ya m'chipinda sifika kumeneko. N'chifukwa chake Malaysia, imene mu 2018 inalengeza kuti inalibe malungo a mitundu ya anthu okhazikika m'dziko momwemo, m'chaka chomwecho inalemba odwala knowlesi oposa 4,000, ambiri a iwo abambo ogwira ntchito m'minda ya m'mphepete mwa nkhalango.

Ku Brazil nkhani yake inayenda chambuyo. M'chigawo cha Rio de Janeiro mu 2015 ndi 2016 munapezeka odwala amene ankaoneka ngati ali ndi vivax, koma DNA inasonyeza kuti ndi Plasmodium simium wa anyani ofuula otchedwa howler. Pa DNA ya mitochondria (tizigawo topanga mphamvu m'selo), imene ili ndi zilembo pafupifupi 6,000, awiriwa ankasiyanitsidwa ndi zilembo ziwiri zokha. Atawerenga DNA yonse zinaoneka kuti simium ndi vivax wa anthu amene analowa mwa anyani, ndipo tsopano akubwerera kwa eni ake kudzera mwa udzudzu woswana m'madzi odikha m'masamba a zomera za m'mitengo.

Nanga falciparum wathuyu? Mu 2010 gulu la Beatrice Hahn linayeza ndowe pafupifupi 3,000 za anyani akuluakulu a m'nkhalango za pakati pa Africa. Anapeza kuti falciparum yense wa anthu padziko lapansi ndi kanthambi kamodzi ka kachilombo ka magorila a kumadzulo, osati ka chimpanzi monga ambiri ankaganizira. Chimene chinatsegula khomo ndi kachidutswa ka DNA ka zilembo pafupifupi 8,000 kamene kanachoka m'kachilombo kena ka magorila, kotchedwa Plasmodium adleri, n'kulowa mwa kholo la falciparum. M'kachidutswako muli jini ya RH5, puloteni imene imagwira puloteni ina yotchedwa basigin pakhungu la selo lofiira la munthu ngati kiyi pa loko. Akatswiri amatsutsana za nthawi yake, ena akuti mkati mwa zaka 10,000 zapitazo, ena akuti zaka 40,000 mpaka 60,000. Chofunika n'chakuti kudumphaku kunachitika kalekale, ndipo anthu a ku Cameroon okhala pafupi ndi magorila ndi achimpanzi atayezedwa sanapezeke ndi tizilombo ta nyamazo.

Nyani ndi pusi wa kuno sali m'nkhani zonsezi. Chimene chimapezeka kawirikawiri m'magazi awo m'madera ambiri a Africa ndi Hepatocystis, kachibale ka Plasmodium kamene kamafalitsidwa ndi tintchentche toluma ta Culicoides, ndipo si kamene kamadwalitsa anthu malungo. Falciparum wa ku Chikwawa kapena ku Nkhotakota amachoka mwa munthu, kulowa mwa udzudzu, n'kupita mwa munthu wina. Wopha anyani poganiza kuti akuchepetsa malungo akungotaya mphamvu zake, ndipo ife tikuona kuti mphekesera yotere ndi yoopsa chifukwa imachotsa maso a anthu pa neti ndi pa zithaphwi za kuseri kwa nyumba.

Palinso china chotikhudza. Knowlesi amalowa m'selo lofiira la munthu pogwira puloteni yotchedwa Duffy, ndipo Louis Miller anasonyeza mu 1975 kuti maselo opanda Duffy amamukana. Anthu akuda ambiri a kum'mwera kwa Sahara alibe Duffy pa maselo awo ofiira, kusiyana kwake kuli pa chilembo chimodzi cha DNA. Koma tisadzitame nazo. Si aliyense wokhala m'dziko muno amene alibe Duffy, palibe amene amayezedwa zimenezi asanakwere ndege, ndipo vivax, amene tinkati nayenso sangalowe popanda Duffy, wapezeka mwa anthu opanda Duffy ku Madagascar ndi ku Ethiopia.

Pempho lathu likupita kwa madokotala ndi anamwino. Munthu akabwera thupi litatentha, mufunseni kumene anali m'milungu inayi yapitayi. Akatchula Malaysia, Indonesia, Thailand, Philippines kapena mayiko oyandikana nawo, makamaka ngati analowa m'nkhalango, mzere umodzi pa kachipangizo usakukhutiritseni. Tengani kagalasi, werengani tizilombo, ndipo ngati sitinaoneke bwerezani pakatha maola 12 mpaka 24. LA amachiza knowlesi bwinobwino akayambidwa msanga. Primaquine wa masiku 14 safunika, chifukwa knowlesi sasiya tizilombo togona m'chiwindi monga amachitira vivax. Musanamwetse mankhwala, donthezani magazi pa pepala n'kuwasunga ouma, kuti labotale yokhala ndi PCR idzatsimikize mtundu wake.

Ndife anu,
Ofufuza za malungo,
Blantyre