Lipoti la Msonkhano wa Atsogoleri a Ophunzira Aakazi Umene Unachitikira ku Lilongwe

Kwa Mayi Wapampando, akomiti ndi mamembala onse a gulu lathu la ophunzira aakazi kuno ku Mzuzu.

Monga mukudziwa, komiti inandisankha kuti ndikaimire gulu lathu pa msonkhano wa atsogoleri a ophunzira aakazi ochokera m'masukulu aukachenjede ndi m'makoleji, umene unachitikira ku Lilongwe. Ndalemba lipotili kuti amene sakhala nawo pa nkhumano zathu za Loweruka adziwerengere okha, komanso chifukwa ndamva kuti ena akufunsa ngati ndalama zimene gulu linatulutsa zinapita pa chinthu chaphindu. Malisiti a basi, popita ndi pobwera, pamodzi ndi a malo ogona ndawasiya kwa msungichuma, ndipo membala aliyense ali ndi ufulu wokawaona. Alawansi ya chakudya sinafanane ndi mitengo ya ku Lilongwe, moti zina ndinaonjezera za m'thumba mwanga, koma sindikupempha kuti mundibwezere.

Tsiku lotsegulira linatha ndi malonje ndi zolankhula za alendo olemekezeka. Phunziro la utsogoleri linali lija timalimva kawirikawiri, lotilimbikitsa kuti tisamadziderere, ndipo anatikumbutsa za Pulofesa Address Malata, amene mu 2016 anakhala mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'dziko muno, ku Malawi University of Science and Technology (MUST). Phunziro la mabizinesi ang'onoang'ono silinanene chimene anzathu ogulitsa zovala za kaunjika ndi mandasi m'mahositelo sakuchidziwa kale.

Nkhani inayamba kukoma pamene loya wina wamkazi anatitengera m'lamulo la Gender Equality Act la 2013, loona zoti pasakhale kusiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi. Ambiri a ife timangolimva dzina. Lamuloli limalamula boma kuonetsetsa kuti m'masukulu apamwamba amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, ndipo asapitirire 60. Ndime 6 imaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ndipo wopezeka wolakwa chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka zisanu. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa, kotero wophunzira amene akuona kuti nkhani yake ikukwiriridwa pasukulu ali nako kwina kokadandaula. Loyayo anatsindika kuti sipafunika kuti munthu akugwire m'thupi kuti ukhale mlandu, pakuti mawu, mauthenga apafoni ausiku, ngakhale kukuitanira ku ofesi mobwerezabwereza ponamizira kukambirana za malikisi, zonsezo lamulo limaziona ngati zili zosafunidwa ndi zonyazitsa. Anatilangiza kusunga mauthengawo osafufuta, kulemba tsiku ndi nthawi, ndi kuuzako munthu mmodzi wodalirika nkhani ikangoyamba. Ponena za omwaza zithunzi za anzawo m'magulu a WhatsApp, anatchula lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Ine pomvera zonsezi ndinaona kuti malamulo tili nawo okwanira, koma mtsikana wa chaka choyamba sangakalowe yekha mu ofesi ya akuluakulu kukanenera munthu amene akuchonga mayeso ake, pokhapokha pakhale wina womuperekeza.

Ndiye chifukwa chake chimene chinandigwira mtima kuposa zonse chinali chimene anafotokoza nthumwi ya sukulu ina ya kumwera, pa zokambirana za m'magulu zimene pa ndondomeko anangozipatsa nthawi yochepa. Iwo ali ndi dongosolo loti mtsikana aliyense wa chaka choyamba amapatsidwa mchemwali wamkulu, wophunzira wa chaka chachitatu kapena chachinayi, asanafike n'komwe pasukulu. Nthumwiyo inatulutsa m'chikwama kope lachikuto cholimba, lothaitha m'makona, ndipo tinalipatsirana kuliona. Tsamba lililonse lili ndi mizere yojambula ndi rula: dzina la wobwera kumene, boma lakwawo, nyumba imene akuchita lendi, nambala ya kholo kapena womuyang'anira, ndi dzina la mchemwali wake. Kumapeto kuli mpata umene mchemwaliyo amasainamo nthawi iliyonse akamuyendera, ndipo pamene papita nthawi popanda siginecha, mlembi amalembapo funso ndi cholembera chofiira. Palibe kompyuta, palibe wopereka thandizo wochokera kunja.

Ntchito ya mchemwali wamkuluyo imayambira pa depoti. Amakamuchingamira mnzakeyo tsiku lofika, amamuthandiza kupeza nyumba kwa eni ake odziwika khalidwe, amamuonetsa kolembetsera maphunziro ndi kochipatala, ndipo mayeso akamayandikira amamufunsa ngati akudya ndi kugona. Anaika malire omveka: saloledwa kubwereka kapena kubwereketsa ndalama kwa mng'ono wakeyo, saloledwa kumukokera ku mpingo kapena ku chipani chake, ndipo chinsinsi amasunga kupatula pamene moyo uli pachiswe. Lamulo la mpingolo ena analiseka, koma ine ndikuliona lofunika kwambiri kwa ife, poti gulu lathu linatsala pang'ono kugawanika pa nkhani ya mapemphero.

Taganizani za kuno kwathu. Mtsikana wochokera ku Nthalire, ku Usisya kapena ku Nsanje amatsika basi pa depoti ya Mzuzu kutada, ali ndi chikwama ndi thumba la ufa, malo ogona pasukulu atadzaza kale. Amene amayamba kumulankhula ndi wa kabaza wa njinga, amene kuno timati Sacramento, ndipo wachiwiri kawirikawiri amakhala mnyamata wa chaka chomaliza amene amadziwa bwino lomwe tsiku lofika atsopano. Ambiri a ife tikukhala m'nyumba za lendi ku Luwinga, ku Area 1B, ku Chibavi, ku Katoto ndi ku Chiputula, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi timachoka kowerenga usiku, m'nkhungu ndi m'kuzizira, kuyenda m'tinjira topanda magetsi. Chichokereni pamene Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi ndi chakudya sizinabwererenso pansi. Bungwe la ngongole za ophunzira, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, limathandiza ambiri, koma si onse opempha amene amapeza mwayiwo. Mtsikana amene watsala ndi ufa wa masiku awiri ndipo alibe womuuza, ndi amene amayankha foni ya bambo wagalimoto. Ife timadzamva nkhaniyo mochedwa, itasanduka miseche ya m'kalasi.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene ena sachifuna, Mayi Wapampando. Thumba lathu la pangozi tinalikhazikitsa kuti lizithandiza pa nthawi ngati zimenezi. Koma chaka chatha ndalama zambiri za m'thumbalo zinagula matisheti ndi zitenje za chikondwerero cha tsiku la amayi padziko lonse, pa 8 Malichi, ndipo patangopita masabata ochepa mnzathu wina anatulutsiridwa katundu panja ndi mwini nyumba, mvula ikugwa. Pempho lake linadikira kuti akomiti akwane, ndipo pamene ankakwana n'kuti iye atabwerera kale kumudzi. Sindikutchula munthu, ndipo sindikunena kuti wina anadya ndalama. Ndikunena kuti chilowereni komiti ino buku la chuma silinawerengedwepo pamaso pa mamembala, ngakhale malamulo athu amatero, ndipo n'zodabwitsa kuti amene afulumira kufunsa za malisiti a ulendo wanga sanafunsepo za matishetiwo. Anzathu akumwera aja thumba lawo amalisunga pa foni, ndipo anthu awiri okha, msungichuma ndi mchemwali wamkulu wa wovutikayo, akagwirizana, thandizo limatuluka tsiku lomwelo, lipoti n'kudzaperekedwa pambuyo. Ndinawafunsa ngati ena sanamizira mavuto. Anavomera kuti zimachitika, koma anati amalolera kupusitsidwa mwa apo ndi apo kusiyana ndi kutaya wophunzira.

Phunziro la zaumoyo linali lalifupi koma lothandiza. Namwino anatikumbutsa kuti amene wagwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, ndiponso kuti asadikire kaye kuti apeze mboni kapena chilolezo cha wina aliyense. Kuno kwathu kuli One Stop Centre, malo othandizira ochitiridwa nkhanza, pa chipatala chachikulu cha Mzuzu, kuli Victim Support Unit ku polisi, ndipo nambala yaulere ya 5600 imalandira madandaulo a nkhanza. Pa za nkhawa ndi matenda a maganizo, ndinauza msonkhano kuti ife tili ndi mwayi wa a St John of God, amene amathandiza pa matenda a maganizo, mumzinda momwemuno, koma ambiri amaopa kupitako poopa kutchedwa amisala, ndipo apanso woperekeza ndi wofunika. Za mapadi tinangogwirizana kuti ngakhale boma linachotsa msonkho mu 2022, mtengo wake m'magolosale ukadali wolemetsa.

Nkhani ya oyembekezera inabweretsa mkangano. Ndondomeko yolola atsikana kubwerera kusukulu akabereka inayamba mu 1993 ndipo inaunikidwanso mu 2018, koma imeneyo ndi ya ku pulayimale ndi ku sekondale. M'makoleji sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, ndipo vuto lalikulu ndi lakuti mtsikana akaona kuti ali ndi pakati amangosowa osalemba kalata yopempha kupuma, kenako amalembedwa kuti anathawa maphunziro. Ndikupempha kuti mlembi wathu apeze malamulo a sukulu iliyonse imene mamembala athu akuphunzirako, kuti tidziwe chenicheni m'malo momangouzana zakumva.

Pomaliza msonkhano unagwirizana zokhazikitsa mgwirizano wa magulu onse m'dziko muno, gulu lililonse lizisonkha ndalama pachaka, komanso zolemba chikalata chimodzi cha madandaulo chokaperekedwa kwa akuluakulu m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala. Chikalatacho ndinachivomereza m'dzina lanu. Za msonkhowo sindinavomere, ndipo ndinanena poyera kuti ndiyenera kudzakufunsani kaye. Maganizo anga ndi akuti tisalowe chaka chino. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo sitingatumize ndalama ku Lilongwe zolipirira misonkhano ina pamene thumba lathu likulephera kulipirira mnzathu lendi ya mwezi umodzi. Ndinapemphanso kuti msonkhano wotsatira udzachitikire ku Mzuzu, popeza nthawi zonse ndife amene timadutsa Chikangawa, Jenda ndi Kasungu kutsatira anzathu, koma wapampando wa msonkhano anangoti aganizira. Ndinadandaulanso kuti zonse zinkayenda m'Chingerezi, chonsecho anthu anamasuka ndi kunena zakukhosi pamene tinayamba kulankhula Chichewa m'magulu. Ife tikadzayamba dongosolo la achemwali, tidzaonetsetse kuti wobwera kumene amene amamasuka m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Kyangonde apatsidwe womumva.

Ndikupempha komiti kuti pa nkhumano ikubwerayi iike nkhani ya achemwali aakulu poyambirira, isanafike nthawi imene anthu amayamba kutuluka, ndipo msungichuma adzabwere ndi buku la chuma. Amene ali m'chaka chachitatu ndi chachinayi ndipo ali okonzeka kutenga mng'ono mmodzi kapena awiri apereke maina awo kwa mlembi atsopano asanafike. Kope lachikuto cholimba ndagula kale, ndipo mapepala onse amene tinalandira ku msonkhano ali kwa mlembi.

Ine nthumwi yanu.