Mbiri ya ku Nguludi ilembedwe eni ake adakali moyo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za yunivesite ya Katolika ya ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imene maepiskopi a dziko lino anaikhazikitsa mu 2004, ndipo inatsegulidwa ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika mu 2006. Achinyamata ambiri amene amavala mikanjo pa tsiku lolandira madigiri amaganiza kuti maphunziro pamalopa anayamba chaka chimenecho, chonsecho yunivesiteyi inapeza nyumba zomanga kale, za koleji ya aphunzitsi ya Montfort, ndipo n'chifukwa chake malowa amatchedwabe ndi dzina limeneli.

Dzinalo likuchokera kwa ansembe a chipani cha Montfort, amene anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901, asanatsikire kum'mwera n'kudzatsegula mishoni ya Nguludi. Mishoniyi inaona zoopsa mu Januwale 1915, pamene inatenthedwa pa nkhondo ya John Chilembwe, koma inamangidwanso, ndipo pozungulira pake panadza chipatala cha St Joseph, sukulu ya anamwino, komanso koleji yophunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva. Ndi malo ochepa m'Malawi muno amene asenza mbiri yolemera chotere pa kadera kamodzi.

Ine ndinaphunzira uphunzitsi m'zipinda zimenezo. Ndikusungabe kope langa lokonzera maphunziro, lachikuto chong'ambika, momwe mphunzitsi wathu ankalemba ndi inki yofiira m'mphepete mwa tsamba lililonse, ndipo ndikaliona ndimakumbukira belu la m'mamawa lotiitanira ku Misa kunja kukadali chisisira. Anzanga ambiri a nthawi imeneyo anatisiya, ndipo aliyense wapita ndi zimene ankadziwa.

Ndikukondwera kuti yunivesiteyi yakula mpaka kufikira ophunzira a ku Lilongwe, pakuti si onse angathe kusiya ntchito ndi mabanja kukakhala ku Chiradzulu. Komabe wophunzira wa mumzinda angathe kumaliza zaka zinayi osapondako ku Nguludi. Choncho ndikupempha akuluakulu a yunivesiteyi kuti apatule chipinda chimodzi chosungiramo zithunzi, makalata ndi mabuku akale, ndiponso atume ophunzira a mbiri kuti akajambule mawu a aphunzitsi, masisitere ndi anamwino okalamba m'midzi yozungulira. Tsiku limene chipindacho chidzatsegulidwe, kope langa lija ndidzakapereka ndekha.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chiradzulu