Tilembeni mayina pansi pa zithunzi

Akonzi,

Ndine wojambula zithunzi, ndipo ntchitoyi ndidayamba nthawi ya filimu, pamene tinkadikira kuti zithunzi zitsukidwe kaye tisanadziwe ngati dzanja linanjenjemera. Dandaulo langa lili pa kamzere kamene manyuzipepala amalemba pansi pa chithunzi. Nthawi zambiri kamangoti "oyimba akusangalatsa anthu" kapena "gule wamkulu ali m'bwalo". Oyimba ake ati? Bwalo la kwa yani?

Mwezi watha mayi wina anandibweretsera chithunzi cha malemu bambo ake kuti ndichikonze pa kompyuta, chiswe chitadya kale ngodya imodzi. Bambowo akhala pampando wa ndalema, afungatira banjo yopanga okha ndi chigubu cha mafuta, ndipo kumbuyo kwawo kwaima anyamata atatu, mmodzi atapanira ng'oma m'khwapa. Nditachitembenuza, kuseri kunali mbee, kopanda chaka ngakhale dzina la mudzi. Mayiwo anyamatawo sakuwadziwa, ndipo onse amene akanatiuza adagona. Chithunzicho ndinachikonza chinawala bwino, koma mtima unandiwawa, chifukwa gulu lonse loyimba lija latsala nkhope zokha.

Taonani za Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka. Lero tingathe kuwaona akuyimba adakali anyamata chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria adawajambula pa filimu mu 1967, nalemba kuti awa ndi ayani, akuchokera kuti. Hugh Tracey naye adayenda m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo, ndipo ankalemba dzina la woyimba, malo ndi chida chimene akuyimbira. Nyimbozo zikusungidwa ku International Library of African Music mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Alendowa ndimawathokoza, komabe zimandichititsa manyazi kuti ife eni dziko, amene tingamufunse munthu dzina m'chinenero chake, ndi amene timangodina kamera n'kuthamangira kwina.

Mabuku ofotokoza mbiri ya nyimbo zathu ndi ochepa kwambiri. Mwana amene adzafune kulemba lina adzapita ku National Archives ku Zomba kukavundukula manyuzipepala akale, ndipo chimene adzapeze ndi kamzere kanu komweko. Mukalemba kuti "oyimba ena", ndiye kuti mwamutsekera njira.

Pa gule wamkulu pamafunika ulemu wina. Amene watuluka kudambwe ndi chilombo, ndipo palibe wojambula wolongosoka amene angafunse dzina la munthu pamenepo. Koma chilombocho chili ndi dzina lake: kaya ndi Chadzunda, kaya Maliya, kaya Kasiyamaliro. Chilinso ndi chifukwa chimene chatulukira, mwina maliro, mwina chiliza, mwina kulonga ufumu. Ine ndisanatulutse kamera m'chikwama ndimayamba ndaonekera kwa amfumu, ndipo akandiuza kuti apa ayi, ndimaibweza. Bungwe la UNESCO lidalemekeza gule wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, nanga ife tilephere bwanji kusiyanitsa Chadzunda ndi Kasiyamaliro m'nyuzipepala yathuyathu?

Nafenso ojambula tili ndi mlandu. Zithunzi timaziunjika m'mafoni ndi m'makadi, zokhala ndi manambala okhaokha, ndipo foni ikagwera m'madzi zonse zapita. Masiku ano ndimayenda ndi kope laling'ono m'thumba, ndipo sindichoka pamalo ndisanalembe dzina, mudzi ndi tsiku.

Chonde akonzi, chithunzi chikafika patebulo panu chopanda zimenezi, mubwezereni mwini wake akafunse. Ndipo m'mbali mwake muzilembamonso dzina la wojambula, kuti wofuna kudziwa zambiri adzakhale ndi pogogoda.

Wojambula zithunzi,
Blantyre