Lipoti la nthumwi: zimene tatenga ku msonkhano wa ku Ngabu pa nkhani ya kukumbukira kukhulupirika kwa Mulungu

Abusa, akulu a mpingo, amayi a bungwe, achinyamata ndi nonse amene munatituma, tabwerako ku Ngabu. Msonkhano unatenga masiku awiri. Kunafika nthumwi za mipingo ya m'chigwa chino, ena a ku Nchalo ndi kwa Chapananga, ena a ku Bangula, Tengani ndi Marka, enanso a ku East Bank amene anachita kuwoloka Shire pa bwato. Za mayendedwe ndi chakudya tapereka kale kwa msungichuma. Muno talembamo zokhazo zimene zikufuna kuti mpingo uzimve ndi kugamulapo.

Mphunzitsi anayamba ndi funso: madzi aja amene anafika m'mazenera a matchalitchi ena anali a chaka chiti? Phokoso linabuka pomwepo. Ena anati 2015, ena 2019, ena anasakaniza Ana ndi Gombe ngati namondwe mmodzi. Mpaka zinachita kulembedwa pa bolodi: chigumula cha Januwale 2015, Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutisiya ndi vuto la magetsi miyezi yambirimbiri, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu Malichi 2023, kenako ng'amba ya 2024. Amene ankatsutsanawa ndi anthu oti anagona m'makalasi a sukulu iwo eni, zaka zonsezi anaziona ndi maso. Ngati zaka zokha zasokonekera chonchi, nanga dzina la mwini bwato amene anawolotsa ana, kapena pemphero limene mpingo unapemphera usiku umenewo? Akulu anati madzi saiwala khwawa. Oiwala ndi anthufe, ndipo phunziro lonse linatsamira pamenepo: kukumbukira ndi ntchito yofuna munthu woigwira, zipangizo zake ndi tsiku lake.

Malemba amene tinawerenga ndi odziwika, koma muli tinthu timene ambiri timatilumpha. Pa Yoswa 3:15 Yordano anali atasefukira m'magombe ake onse pamene Aisraeli ankawoloka. Pa Yoswa 4 amuna 12, mmodzi pa fuko lililonse, ananyamula miyala pamapewa kuchokera pakati pa mtsinje, Yoswa n'kukaiimika ku Giligala, ndipo cholinga chake chinali choti ana adzafunse tanthauzo la miyalayo. Pa Eksodo 16 Aroni anasunga muyeso wa mana m'mphika kuti mibadwo idzaone. Chimene chinatigwira mtima kwambiri ndi Ebenezeri. Timakonda 1 Samueli 7:12, pamene Samueli anaimika mwala Afilisti atagonja, koma pa chaputala 4 dzina lomwelo ndi la malo amene Aisraeli anamangapo misasa nthawi imene anagonjetsedwa, likasa n'kulandidwa. Ndiye kuti dzina la mwala wothokozera linkawakumbutsanso tsiku la maliro.

Msonkhano unagwirizana pa zinthu zitatu, ndipo chachikulu ndi buku la chikumbutso.

Likhale buku lachikuto cholimba, lalikulu ngati kaundula wa ubatizo, osati kope la ana asukulu limene mapepala ake amathothoka. Agulidwe awiri tsiku limodzi. Cholembera chikhale bolopeni yakuda kapena pensulo. Zolembera za maka ndi za inki yamadzi zimayenderera pepala likangonyowa, tsamba lonse n'kusanduka chithaphwi chabuluu. Nkhani iliyonse ikhale ndi tsamba lake, ndipo iyankhe mafunso asanu: linali liti, kunali kuti (mudzi ndi mlaga), vuto linali chiyani, tinapempha chiyani, chinachitika n'chiyani. Pansi pake asayine mwini nkhani ndi mboni ziwiri, monga mwa Deuteronomo 19:15. Wosadziwa kulemba adinde chala atamuwerengera zonse. Theka la tsamba lisiyidwe lopanda kanthu, chifukwa nkhani zambiri zimadzatha patapita chaka kapena ziwiri: mwana amene tinamupempherera ali kuchipatala lero ali Fomu 2, munda umene unakwiririka ndi mchenga wayambanso kubereka mbatata.

Mlembi alembe mawu monga mwini wake wayankhulira. Gogo akanena m'Chisena, zilembedwe m'Chisena. Akanena m'Chimang'anja, zikhale choncho. Nthumwi zingapo zinadandaula kuti alembi amakonda kukonza mawu kuti amveke ngati ulaliki, mapeto ake masamba onse amafanana, ndipo mdzukulu sangazindikiremo mawu a agogo ake.

Kasungidwe ndiko kamapha mabuku ambiri kuno. Mipingo ina inataya makaundula a ubatizo ndi a maukwati chifukwa anali m'kabati yapansi m'chipinda cha akulu a mpingo. Njira imene tinaonetsedwa ndi yotsika mtengo: buku alikulunge m'majumbo awiri, aliike m'ndowa ya pulasitiki ya malita 20 yachivindikiro chothina, ndowayo aipachike kudenga ndi waya. Pansi pali madzi ndi chiswe, ndipo chingwe makoswe amadula. Makaundula ena alowe momwemo. Koma ndowa yotsekedwa imasunga chinyezi, choncho m'chilimwe bukulo litulutsidwe lipitidwe mphepo pamthunzi, apo ayi lichita nkhungu. Buku lachiwiri likopedwe miyezi itatu iliyonse ndipo likhale ku mlaga wa kumtunda, osati m'nyumba yoyandikana ndi tchalitchi, chifukwa madzi akabwera satenga nyumba imodzi. Achinyamata ajambule masamba pa foni n'kutumiza pa WhatsApp kwa anthu osachepera awiri. Zimenezi n'zothandiza, koma foni imabedwa, imagwa m'madzi, imagulitsidwa pa njala, ndiye isalowe m'malo mwa pepala.

Panali mkangano wautali pa funso ili: kodi mapemphero amene sanayankhidwe monga tinafunira alembedwe? Ena anati ayi, buku loyamikira likhale la zabwino zokhazokha, kuti wowerenga alimbe mtima. Ena anati buku lotero lidzakhala labodza, ndipo mayi amene mwana wake anapita ndi madzi sadzalitsegula. Ife nthumwi zanu taima ndi gulu lachiwirili. Mawu aja a pa Maliro 3:22-23, onena za chifundo chimene chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse, ali pakati pa nyimbo yolira Yerusalemu atapasulidwa. Habakuku 3:17-18 akukondwera mwa Mulungu mkuyu usanaphuke, m'khola mulibe ng'ombe. Salimo 88 limathera mumdima, komabe linasungidwa m'Baibulo. Msonkhano sunamange mfundo imodzi pa nkhaniyi, unasiyira mpingo uliwonse. Pempho lathu ndi lakuti kuno tilembe zonse, ndipo kumbuyo kwa buku kukhale masamba a mayina a amene tinawataya.

Chachiwiri ndi chizindikiro cha pamene madzi anafika. Madzi akaphwa amasiya mzere wa matope pakhoma. Asanatsuke khomalo, wina akhome msomali pa mzerewo, ayeze ndi tepi kuchokera pansi, alembe m'buku. Khoma likauma bwino ajambule mzere ndi penti wa oyilo, pambali pake chaka. Laimu sakhalitsa, mvula ziwiri zokha wafufutika. Kumene tchalitchi ndi cha zidina, khoma lenilenilo likhoza kugwa, choncho ndi bwino kuimika chipilala cha konkire pabwalo: dzenje la masentimita 60, zitsulo zinayi mkati, muyeso umodzi wa simenti pa iwiri ya mchenga ndi inayi ya miyala. Mchenga ukhale wotsukika wa mumtsinje, wopanda dothi. Chipilalacho chithiridwe madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, chitakutidwa ndi ziguduli zonyowa, chifukwa dzuwa la kuno limaumitsa konkire isanakhwime, n'kuyamba ming'alu. Amisiri amene analipo anati ntchitoyi isagwiridwe mu Okutobala kapena Novembala. Juni ndi Julayi ndiye miyezi yabwino.

Pa chipilalachi panaperekedwa machenjezo awiri. Loyamba likuchokera pa 2 Mafumu 18:4: njoka yamkuwa imene Mose anapanga inadzasanduka chinthu chofukizira lubani, mpaka Hezekiya anaiphwanya. Chipilala sichodzoza mafuta, sichogwira pofuna machiritso, ndipo dothi la patsinde pake si mankhwala. Lachiwiri ndi lakuti mzere wa 2023 si malire amene Mulungu anaikira madzi. Mitsinje monga Ruo ndi Mwanza yadzaza mchenga, madzi a mawa akhoza kudutsa pamenepo. Pali anthu amene amakana kusamuka ponena kuti Mulungu anawapulumutsa kale, adzawapulumutsanso. Kumeneko ndi kumuyesa Mulungu, kumene Ambuye Yesu anakana pa Mateyu 4:7. Nowa anamva chenjezo n'kukhoma chingalawa. Wailesi ikalengeza, anyakwawa ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi akaitana, mkhristu akhale woyamba kunyamula ana kupita kumtunda.

Chachitatu ndi tsiku la chikumbutso, kamodzi pachaka. Ambiri ankafuna Malichi popeza ndi mwezi wa Idai, Gombe ndi Freddy. Koma mu Malichi misewu imakhala yoduka, ena amakhala akadali m'misasa, ndipo m'nyumba zambiri mulibe chakudya. Kunapambana maganizo akuti likhale kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, mapira ndi mchewere zitalowa m'nyumba. Izi zikugwirizananso ndi Deuteronomo 8, pamene Mose akuchenjeza kuti munthu amaiwala Mulungu akadya n'kukhuta.

Mwambo uyambe 7 koloko m'mawa. Poyamba awerenge mayina a omwalira, mpingo utaimirira, popanda kuwomba m'manja. Kenako mwana wa Sande sukulu aime pa chipilala kapena pa mzere n'kufunsa mokweza kuti chizindikirochi n'cha chiyani, ndipo mkulu mmodzi amuyankhe ndi nkhani yochokera m'buku. Maumboni asapitirire asanu ndi umodzi, uliwonse mphindi zinayi. Akapitirira apo, ana amayamba kulira, anthu amatuluka, ndipo wolankhula womaliza amayankhula ndi mabenchi.

Pa maumboni mpamene zinthu zimawonongeka kawirikawiri, n'chifukwa chake wopereka umboni azionana ndi akulu awiri, bambo ndi mayi, sabata imodzi tsikulo lisanafike. Nkhani imakula ikamakambidwa: madzi amene anali m'mawondo chaka chatha, chaka chino afika m'khosi. Buku limathetsa zimenezi mwaulemu, chifukwa munthu amangomuwerengera zimene ananena yekha. Wina amayamba ndi kuyamika Mulungu n'kuthera pa kuloza mnansi kuti ndiye anamulodza, mpingo n'kutuluka ndi mlandu wopita kwa amfumu. Wina amaulula matenda a mwamuna wake kapena a mwana wake eni ake osavomera. Wina amasandutsa guwa kukhala nsanja yotamandira wandale amene anabweretsa ufa. Koma chopweteka kuposa zonsezi ndi mawu akuti "ine ndinapulumuka chifukwa ndimapemphera", onenedwa pamaso pa mayi wamasiye amene mwamuna wake ankapempheranso. Pa Luka 13:4-5 Ambuye anakana poyera kuti anthu 18 amene nsanja ya Siloamu inawagwera anali ochimwa kuposa anzawo. Akulu awiri aja athandize munthuyo kunena zimene Mulungu anachita, osadziyerekeza ndi wina aliyense.

Tinakumbutsidwanso kuti tisamachotse anthu m'nkhani pofuna kuti imveke ngati chozizwitsa. Ngati anakupulumutsani ndi mnyamata wa bwato, kapena banja la chipembedzo china limene linakusungani pakhonde masabata atatu, kapena mayi amene anakugawirani nyika pa njala, atchulidwe m'buku ngati iwo avomera. Mulungu anagwiritsa ntchito manja amenewo.

Chopereka cha tsikulo chikhale cha mbewu kwa amene alibe ndalama, ndipo chisungidwire Januwale ndi Febuluwale. Mbewuzo ziume bwino zisanalowe m'matumba osalowa mpweya, matumbawo akhale pa thandala lokwera, osagunda khoma. Makiyi akhale ndi anthu awiri, ndipo chilichonse cholowa ndi chotuluka chilembedwe. Nkhokwe za mipingo zambiri zimatha ndi anankafumbwe kapena ndi kukayikirana.

Za m'mabanja zinakambidwa mwachidule. Mayina amene timapatsa ana, monga Chisomo, Yamikani, Tiyamike ngakhalenso Mavuto, ndi miyala ya chikumbutso imene tili nayo kale. Makolo afotokozere mwana aliyense chimene chinachitika kuti apatsidwe dzina limenelo.

Zimene tikupempha kuti mpingo ugamule pa msonkhano ukubwerawu ndi izi. Pasankhidwe alembi awiri, wamkulu mmodzi ndi wachinyamata mmodzi, ndipo pakati pawo pakhale wodziwa kulemba Chisena. Msungichuma aloledwe kugula mabuku awiri, ndowa, waya ndi penti mwezi uno, za simenti zidikire kaye mpaka tione ngati khoma lathu lingasunge mzere. Mlaga wa kumtunda utchule munthu wosunga buku lachiwiri. Ndipo alembiwo asayambire pa Freddy, ayambire kwa agogo athu amene sakuthanso kufika kutchalitchi. Awayendere kunyumba kwawo m'mawa kusanatenthe, awiriawiri, atatenga buku ndi pensulo, mlaga umodzi pa sabata.