Malamulo a Dungeons & Dragons a 1981 akadali okoma

A Mkonzi,

Tiloleni tiikire kumbuyo malamulo akale a Dungeons & Dragons, masewera a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. M'masewerawa wosewera aliyense amakhala munthu wongopeka, monga wankhondo, wamatsenga kapena mbala, wolowa m'mapanga kukasaka chuma, ndipo woyendetsa masewera ndiye amalamulira mapangawo ndi zilombo zake. Tikunena makamaka za kabuku ka masamba 64 kamene Tom Moldvay anakonza mu 1981. Ena amati oikonda nkhalambayi amangokakamira zakale, koma kukoma kwake kuli m'malamulo momwemo.

Nkhani yagona pa kakweredwe, momwe munthu wanu amachokera pa gawo lina kupita pa lapamwamba n'kuwonjezera mphamvu. Ndalama iliyonse yagolide imene mwatuluka nayo m'phanga ndi pointi imodzi. Wankhondo amafunika mapointi 2,000 kuti afike gawo lachiwiri, pomwe kupha goblin, kachilombo kooneka ngati munthu wamfupi, kumangopatsa mapointi 5. Ndiye wanzeru amalambalala ndewu, n'kusenza chuma, n'kutuluka wamoyo. Moyowonso ndi wochepa: wamatsenga amayamba ndi mapointi a moyo ochokera pa dayisi ya mbali 4, ndi tsenga limodzi patsiku. Muvi umodzi wokha, zake zada.

Chimene chimautsa mtima kwambiri ndi nthawi. M'phangamo imawerengedwa m'zigawo za mphindi 10. Muuni umayaka zigawo 6 n'kuzima. Pakadutsa zigawo ziwiri zilizonse, woyendetsa masewera amaponya dayisi ya mbali 6, ndipo ikagwa pa 1, zilombo zoyendayenda zatulukira, kawirikawiri zopanda chuma cholozeka. Kufufuza khomo lobisika pakhoma la mafiti 10 kumadya chigawo chathunthu. Golide akachuluka m'thumba, liwiro limatsika. Apa ndi pamene osewera amakangana zenizeni: tilowe chipinda chinanso, kapena tibwerere miuni isanathe?

Zilombo nazo sizingolumpha n'kuluma. Mukakumana nazo woyendetsa amaponya madayisi awiri a mbali 6: akagwa pa 2 ndi nkhondo pompo, pa 12 ndi ubwenzi, ndipo pakatipo pali mpata wokambirana kapena kupereka chiphuphu. Ndewu ikabuka, chilombo chimodzi chikagwa, komanso theka la zilombozo likatha, amaponyanso kuti aone ngati zotsalazo zithawe.

Masewerawa amawonongeka woyendetsa akamadumpha zimenezi poganiza kuti n'zotopetsa. Akasiya kuwerenga miuni ndi zilombo zoyendayenda, osewera amagogoda khoma lililonse mopanda mantha, masewera n'kuzizira. Akasiya madayisi a kukumana ndi a kuthawa, aliyense amafa msanga, osewera n'kumati malamulo ndi ankhanza. Winanso amaumira chuma, kuiwala kuti gulu la anthu asanu limafunika golide pafupifupi 10,000 kuti onse akwere kamodzi.

Zofooka zilipo ndithu. Mbala ya gawo loyamba imatsegula loko ka 15 pa 100 basi, zomwe n'zochepa kwambiri. Woyendetsa wabwino amaponyetsa dayisi pokhapokha lokoyo ndi yovuta kapena adani ali pafupi. Apo ayi, amangodula chigawo chimodzi cha nthawi, chitseko n'kutseguka.

Ndife,
Oyendetsa masewera a patebulo